Tsiku Limene Yeukai Analankhula Pabwalo la Khonsolo

Laxon Chimtengo anabadwira pafamu ya fodya ya kudera la Raffingora, imene anthu amaitchulabe kuti kwa Jeke ngakhale mzungu wa dzinalo anachoka kalekale. Famuyo tsopano ndi ya munthu wina wa ku Harare amene amangooneka nthawi yogulitsa. Bambo ake a Laxon anachokera ku Ntcheu ali mnyamata ndipo anafera pafamu pomwepo osabwererako. Iye mwini Malawi ankangomumva m'kamwa mwa akuluakulu. Kwawo kunali kukomboni, tinyumba tondondozana kuseri kwa mabalani owumitsiramo fodya, ndipo ntchito yake inali yosonkhezera moto m'mabalanimo kuti fodya aume bwino, asapse komanso asade.

Mwana wake woyamba anali mtsikana, Yeukai, wa zaka khumi ndi zisanu. Anamaliza giredi seveni pasukulu ya pafamu ndipo aphunzitsi ankati mutu wake ndi wakuthwa. Koma sekondale inali kutauni, ndipo panalibe woti n'kumusunga kumeneko. Choncho analowa m'shedi yosankhiramo fodya pambali pa mayi ake, Emelia. Pafamupo munthu aliyense ankapatsidwa mugwazo, ntchito yopimidwa ya tsikulo, ndipo mayi wopanda manja a ana omuthandiza sankaumaliza dzuwa lisanalowe. Aliyense ankadziwa zimenezi. Palibe ankazitchula.

Lamlungu lina anthu akutuluka m'tchalitchi, kukomboni kunalowa galimoto yoyera yokhala ndi chizindikiro cha khonsolo ya tauni. Munatsika mayi wonenepa bwino, wovala magalasi, atanyamula botolo la madzi. Anafunsa nyumba ya Chimtengo, ndipo ana anamulondolera akuthamanga.

"Ndinu bambo a Yeukai?" mayiyo anafunsa m'Chishona. "Ine ndine Mai Plaxedes Gondo. Kukhonsolo ndimayang'anira za ana ndi achinyamata."

Emelia anatulutsa mpando wokhawo umene anali nawo. Mai Gondo anaupukuta ndi kansalu, n'kukhala, n'kuyamba kufotokoza. Anati khonsolo yakhazikitsa ndondomeko yatsopano yoti tauni ikhale yokomera ana. Mwana aliyense akhale pasukulu. Pasapezeke mwana wogwira ntchito. Padzamangidwa malo osewerera, ndiponso nyumba yogonamo atsikana a m'mafamu kuti nawonso aziphunzira sekondale. Pa tsiku lokhazikitsa ndondomekoyo kudzabwera alendo a mabungwe othandiza, ndipo pankafunika mwana mmodzi wa m'mafamu woti akalankhule.

"Aphunzitsi andiuza kuti wanuyu saopa anthu. Akalankhula bwino, nyumba ya atsikana ija woyamba kulowamo adzakhala iye."

Laxon anayang'ana pansi. Moyo wake wonse anaona kuti munthu wa kukomboni akaitanidwa kutsogolo kwa anthu, mapeto ake sakhala abwino.

"Akanena chiyani, mayi?" anafunsa.

"Zoona zokhazokha, baba. Moyo wake basi. Kodi zoona zimaluma?"

Emelia anali atagwada kale, akuwomba m'manja. Galimoto itapita anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Yeukai, mwayi wabwera wokha mpaka pakhomo, inu nkhope ngati mwalandira uthenga wa maliro. Mukufuna mwanayu akalambire m'shedi ngati ine?"

Maso a Yeukai anali akuwala. Laxon anawaona masowo, mtima unafewa, ndipo analola.

Mai Gondo anabwera kangapo kudzamutenga mtsikanayo kuti akamuphunzitse kaimidwe ndi kagwiridwe ka maikolofoni. Pa tsiku lenilenilo Laxon anapempha mnzake kuti amuyang'anire moto, iye n'kukwera kombi, minibasi yopita kutauni. Bwalo la mpira la khonsolo linali litadzaza. Panali matenti, ana a sukulu za m'tauni ovala yunifolomu zositidwa, gulu la ng'oma ndi malipenga, ndi akuluakulu okhala pamipando yokutidwa nsalu zoyera. Iye anaima kumbuyo, padzuwa, chipewa chili m'manja.

Meya analankhula nthawi yaitali. Mlendo wa bungwe analankhulanso. Kenako anaitana Yeukai, ndipo Laxon anatsala pang'ono kumusokoneza ndi mwana wa eni ake. Anamuveka yunifolomu yobiriwira, masokosi oyera ndi nsapato zakuda zonyezimira. Anaima mowongoka, n'kuyamba m'Chingerezi, kenako n'kulowa m'Chishona.

Ananena kuti iye ndi wa kwa Jeke. Ananena za kuthyola fodya m'mawa masamba adakali ndi mame, madzi ake owawa akulowa m'khungu, kufika masana mutu ukuzungulira, mwana n'kumasanza m'mizere kenako n'kupitiriza kuthyola. Ananena za fumbi la m'shedi limene limatsokomoletsa ana mpaka kulavula zakuda. Ananena za mnzake Tatenda amene anakomoka m'munda, kapitawo n'kumuthira madzi kumaso n'kumuuza kuti adzuke chifukwa mzere wake watsalira. Sanalire. Ankangonena bwinobwino ngati akuwerenga m'tchalitchi.

Mayi wina wa bungwe anavula magalasi n'kupukuta misozi. Kenako anthu anaimirira, kuwomba m'manja kosalekeza, mafoni ali m'mwamba kujambula. Meya anamukumbatira mtsikanayo n'kulengeza kuti kuyambira lero ameneyu ndi mwana wa khonsolo.

Laxon anamva chifuwa chikufufuma. Anafuna kugwira munthu amene anali naye pafupi n'kumuuza kuti uyo ndi mwana wanga. Koma mantha anamugwira, chifukwa anamva bwino lomwe dzina la famu likutuluka m'zokuzira mawu.

Mwambo utatha akuluakulu analowa m'holo kukadya mpunga ndi nkhuku. Ana anapatsidwa mabanzi ndi zakumwa za m'mapaketi. Yeukai anamutengera kuseri kwa tenti kuti avule yunifolomu ndi nsapato, popeza zinali zobwereka, ndipo anakwera kombi ndi bambo ake atavala diresi lake lakale ndi mapatapata.

"Ndalankhula bwino, ababa?" anafunsa panjira.

"Walankhula," anatero Laxon, n'kuyang'ana kunja.

Sabata isanathe, kanema wa mawu a Yeukai anali m'foni ya aliyense, kuyambira ku Chinhoyi mpaka ku Harare. Anafikanso ku kampani imene inkapereka feteleza pafamupo n'kumagula fodya yense. Kampaniyo inaimbira mwini famu, mwini famu anaimbira manija wake Dominic, ndipo m'mawa mwake Dominic anaima pakhomo la shedi n'kubweza mwana aliyense. Mugwazo wokha sanauchepetse.

Amayi anayamba kuweruka mdima uli pafupi, ntchito isanathe, ndipo tsiku losamaliza mugwazo linkatengedwa ngati sunagwire. Mkwiyo wonse unagwera nyumba ya Chimtengo. Emelia akafika pamjigo, amayi ankasuntha zidebe zawo n'kumusiyira malo aakulu ngati ali ndi nthenda yopatsirana. Mayi a Tatenda anabwera mpaka pakhomo atamanga chitenje m'chiuno.

"Ndani anamutuma mwana wanuyo kutchula dzina la mwana wanga? Iye akufuna kukhala mzungu wa kutauni, akhale yekha! Ife tidya mawu akewo?"

Tsiku lina m'mawa anapeza wina atathira zonyansa pakhonde. Yeukai anatenga fosholo n'kuzichotsa. Tatenda amene ankagona naye mphasa imodzi nthawi ya tchuthi tsopano ankamulambalala.

Kenako Dominic anaitanitsa Laxon kuofesi. Sanamupatse mpando.

"Chimtengo, iwe unabadwira pano. Bambo ako ali m'manda a pafamu pano. Ndikunama?"

"Ayi, bwana."

"Kampani ikutumiza munthu wodzafufuza. Akapeza kuti za mwana wakozo n'zoona, kontirakiti yatha, fodya yense ali m'mabalaniyu alibe msika, ndipo komboni yonse ndiitseka. Ndiye mwana wakoyo adzaima pamaso pa munthuyo n'kunena kuti ananama, anachita kuuzidwa zonena. Akakana, iwe ndi banja lako mutuluke m'nyumba ya famu. Upite kwanu ku Malawi, ngati ukukudziwa."

Anaseka pang'ono ponena mawu otsirizawo, chifukwa ankadziwa kuti Laxon analibe mudzi kwina kulikonse, ku Malawi kapena m'Zimbabwe momwemo.

Laxon anakumbukira mawu a meya akuti mwana wa khonsolo. Anabwereka njinga n'kupalasa mpaka kutauni. Anadikira pabenchi kunja kwa ofesi ya Mai Gondo mpaka miyendo inachita dzanzi. Pakhoma panali zithunzi za tsiku lija, ana akumwetulira, meya akudula riboni. Atalowa anafotokoza zonse, chipewa akuchipotokola m'manja.

Mai Gondo anamvetsera akudinadina foni yake. Kenako anapuma mozama.

"Baba, n'zomvetsa chisoni kwambiri. Koma mumvetse. Ndondomeko yathuyi ndi ya ana a m'tauni. Famu yanu ili kunja kwa malire athu, ili m'manja mwa khonsolo ya kumidzi. Ife sitingalowerere za pafamu ya munthu."

"Koma mayi, pomutenga mwanayu munalowa pafamu pomwepo."

"Kumeneko kunali kumupatsa mwayi woti mawu ake amveke. Ndipo amveka, dziko lonse lamva."

"Nanga nyumba ya atsikana ija? Akanangolowa mmenemo, mwina bwana akanaziziritsa mtima."

"Malo alipo kale, tinawapima. Tikudikira abwenzi athu a mabungwe. Zinthu za boma siziyenda ngati njinga, baba. Limbani mtima. Mwana wanu ndi ngwazi."

Anamuperekeza mpaka pakhomo n'kumuuza kuti apereke moni kwa Yeukai.

Laxon anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Anapeza Yeukai akuchapa kuseri kwa nyumba. Anakhala pa njerwa pafupi naye n'kuyamba mofatsa. Anamufotokozera za kontirakiti, za nyumba, za azing'ono ake awiri amene akanagona kutchire. Anamuuza kuti ndi mawu ochepa chabe, akanena n'kuiwalika.

"Ndikanene kuti ndinanama?" Yeukai anasiya kuchapa. "Ababa, inu munandinyamula kuchoka m'munda tsiku lija ndinasanza mpaka magazi. Munandinyamula ndinu."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Ndiye ndinanama pati?"

"Sindikuti unanama. Ndikuti ukanene choncho."

"Sindinganene."

Anamupempha tsiku limenelo, anamupemphanso mawa lake. Emelia naye, amene poyamba ankawomba m'manja, tsopano ankalira n'kumamugwira mwanayo miyendo. Mkulu wa mpingo anabwera n'kuwerenga za kumvera makolo. Yeukai ankangoyang'ana pansi n'kupukusa mutu. Dominic akadutsa pabalani pa njinga yake yamoto ankaima pang'ono n'kufunsa, "Chimtengo, wayamba kumanga katundu?"

Tsiku loti wofufuza afika mawa lake, Laxon anachoka pabalani masana, maso ali ofiira ndi utsi. Panjira anatola ndodo yopachikirapo fodya. Sanaganize zambiri poitola. Anapeza Yeukai akusesa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

"Ukanena kapena sukanena?"

"Sindikanena, ababa."

Laxon anali asanamumenyepo mwanayu chibadwire. Ndodo yoyamba inagwera pamsana, ndipo Yeukai anangotsegula pakamwa modabwa, osalira. Kudabwa kumeneko n'kumene kunamupsetsa mtima kwambiri. Anamenya m'miyendo, m'mikono imene mwanayo ankatchinga nayo kumutu, akufunsa funso lomwelo mobwerezabwereza, mawu ake akusasa. Emelia ankagogoda chitseko kunja akukuwa. Anthu a kukomboni anatuluka m'nyumba zawo n'kuima patali. Palibe anabwera kudzaleretsa. Ena anali atapinda manja pachifuwa ngati anthu amene akuona mlandu wawo ukuweruzidwa bwino.

Ndodo inathyoka. Yeukai anali pakona, atadzipinda.

"Ndikanena," anatero ndi mawu aang'ono. "Siyani. Ndikanena."

Laxon anatuluka n'kupita kuseri kwa mabalani. Anakhala pamulu wa nkhuni mpaka mnzake anabwera kudzamuuza kuti moto ukuzima.

Wofufuza anali mnyamata wa tayi, wofulumira, amene ankayang'ana wotchi yake kawirikawiri. Dominic anamuonetsa shedi yosesedwa bwino, yopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Kenako anabweretsa Yeukai muofesi atavala juzi ya manja aatali ngakhale kunali kotentha. Laxon anaima pakhomo. Dominic anayatsa kamera ya foni yake.

"Zimene ndinanena kutauni zinali zabodza," anatero Yeukai, maso ali pakhoma. "Sindinagwirepo ntchito ya fodya. Palibe mwana amagwira ntchito pafamu pano. Ndinanena chifukwa ndinkafuna kupita kusukulu. Ndikupepesa kwa bwana ndi kwa anthu onse."

Wofufuza anayang'ana zala za mtsikanayo, zakuda ndi utomoni wa fodya umene sopo sachotsa. Anayang'ananso mmene anaimira, mwendo umodzi osaupondetsa bwino. Kenako anayang'ana wotchi, n'kuthokoza manija chifukwa cha mgwirizano wabwino, n'kukwera galimoto.

Kanema wachiwiriyo anayenda mofulumira kuposa woyamba. Anthu a m'tauni amene analira pabwalo paja tsopano ankaseka m'makombi, ankati ana a m'makomboni ndi akathyali chibadwire. Fodya anagulidwa. Patapita masabata angapo ana anabwerera m'shedi, koma polowera khomo lakuseri, ndipo anawaphunzitsa kuti akamva galimoto yachilendo azithawira m'chimanga.

Laxon ankaganiza kuti zatha. Koma Dominic anamuitananso.

"Ntchito yako ndakusiyira, nyumba ndakusiyira. Koma mwana uja sindikufuna kumuona pano. Mawa kubwera mtolankhani, iye n'kusinthanso mawu. Umupezere kopita."

Kopita kunalibe. Yeukai ankakhala m'nyumba osatuluka, osalankhula ndi munthu. Bambo ake akalowa, iye ankagwada n'kupereka madzi osamba monga mwa nthawi zonse, koma maso ake sankafika pankhope pawo.

Ndipamene galimoto yoyera ija inabweranso. Mai Gondo sanakhale pampando ulendo uno. Anaima pabwalo n'kunena mokweza kuti mtsikanayu wamuchititsa manyazi pamaso pa meya ndi alendo, moti ntchito yake inatsala pang'ono kutha. Emelia anagwada n'kupepesa.

"Komabe ine ndine mayi," anatero Mai Gondo, mawu atafewa. "Ndamva kuti pano sakumufuna. Ndimutenga akakhale kwanga. Azikandithandiza pang'ono pakhomo, temu ikubwerayi ndimulowetsa sukulu ndekha. Zimene khonsolo yalephera, ndichita ine."

Emelia analira ndi chisangalalo. Anamanga zovala za mwanayo m'chitenje, n'kuikamo ndi mtedza wokazinga. Yeukai anatsanzika mayi ake ndi azing'ono ake. Atafika pa bambo ake anapinda maondo pang'ono, n'kunena kuti, "Tsalani bwino," ngati akutsanzika munthu wa m'basi.

Miyezi inapita. Mabalani anazima, minda inalimidwanso. Foni ya Mai Gondo inkangoitana osayankhidwa, ndipo ikayankhidwa ankati ali pamsonkhano, mwana ali bwino. Nthawi ya chisanu itatha, Laxon anapempha tsiku limodzi. Emelia anamupatsa nkhuku yoti akapereke kwa mayi wachifundoyo, ndi mbatata za mwana.

M'tauni anadutsa pamalo osewerera ana atsopano. Makatungwe anali opakidwa utoto wofiira ndi wachikasu, udzu wobiriwira, mpanda wa waya kuzungulira, ndi loko wamkulu pageti. Ana ogulitsa mazira owiritsa ankasuzumira pawayapo. Anafunsa njira kwa mlonda wa kukhonsolo, ndipo anafika panyumba ya mpanda wa njerwa nthawi imene ana onse a sukulu amakhala m'kalasi.

Amene anatsegula geti anali Yeukai. Anali ndi khanda kumbuyo, epuloni kutsogolo, tsitsi lometedwa. Anali atatalika ndiponso ataonda, ndipo manja ake anali otuwa ndi sopo wochapira.

"Mwanawe," anatero Laxon m'Chichewa, "lero sunapite kusukulu?"

Yeukai anayankha m'Chishona, chinenero chimene kunyumba sankalankhulana. "Mukufuna ndani?"

"Yeukai, ndine."

"Ndakuonani. Sukulu sindinayambe. Akuti chaka chamawa." Anayang'ana kumbuyo, n'kutsitsa mawu. "M'nyumba muli alendo a bungwe. Mai anawauza kuti ndine mwana wamasiye amene anamutola m'mafamu. Atandifunsa ndinavomera. Musalowe n'kukasokoneza."

Nkhuku inali kukupiza mapiko m'khwapa mwa Laxon. Nthawi yomweyo Mai Gondo anatulukira pakhonde ndi alendo awiri, akuseka, makapu a tiyi ali m'manja. Atamuona, nkhope yake inauma kamphindi, kenako inamasukanso.

"Aa, sekuru, mwabwera?" anatero mokweza, monga aitanira mkulu aliyense m'Chishona. Anatembenukira kwa alendowo. "Ndi bambo amene amandilimira dimba. Ndi wa kumafamu komwe kuja, timayesetsa kuwathandiza ndi timaganyu." Kenako kwa Yeukai, "Uwalandire nkhukuyo, uwaonetse khasu lili kuseri."

Alendowo anamumwetulira mwachifundo. Laxon anadziwa kuti apa ndi pamene ayenera kunena kuti uyu ndi mwana wanga, ndabwera kudzamutenga. Koma anaganiza za Dominic, za nyumba, za ana awiri otsala, ndiponso za funso limene sakanatha kuliyankha, loti akamutenga apita naye kuti. Anavula chipewa n'kuweramitsa mutu.

Analima dimbalo. Anapanga mizere ya repu, anazula udzu m'mbali mwa mpanda, thukuta likutsikira m'maso. Kudzera pawindo la khitchini ankaona mwana wake akutsuka mbale, akupukuta pansi, akugwedeza khanda likalira. Masana Yeukai anabwera ndi tiyi m'kapu yachitsulo ndi buledi pambale yapulasitiki, n'kuziika pansi pafupi ndi mpopi.

"Amakumenya?" Laxon anafunsa osakweza mutu.

"Ayi. Iwowa samenya."

Laxon anapitiriza kulima. "Mayi ako akupereka moni. Atumiza mbatata."

"Muwauze kuti ndili bwino."

"Mwanawe, tsiku lija ine..."

Khanda linayamba kulira kumbuyo kwake, ndipo m'nyumba munamveka mawu oitana dzina lake. Yeukai anatembenuka n'kupita mofulumira. Sanatulukenso. Alendo atapita, Mai Gondo anabwera kudimba, anayamikira mizereyo, n'kumuuza kuti ulendo wina aziyamba waimba foni, chifukwa kubwera modzidzimutsa kumasokoneza mwana amene akuyesa kuiwala zakale. Geti anatsegula ndi kutseka yekha mayiyo.

Emelia anamuchingamira panjira yolowera kukomboni. Anafuna kudziwa zonse, ngati mwana wanenepa, ngati yunifolomu ikumukwana, ngati wafunsa za azing'ono ake. Laxon anali atakonza bodza ali m'kombi, koma atayang'ana nkhope ya mkazi wake linamuthawa. Anamuuza zonse, za epuloni, za khanda, za umasiye, za khasu.

Emelia anaima pakati panjira. "Ndiye inu mwalima dimba?"

"Ndalima."

"N'kumusiya?"

"Ndikanabwera naye kuti, mayi a Yeukai?"

Emelia anati apita yekha, akamutenga mwana wake ngakhale zitavuta bwanji, akagona naye kutchire ngati kuli kofunika. Ananena zimenezi tsiku limenelo, ananenanso Lamlungu lotsatira. Koma nazale za fodya zinali zitafesedwa, zinkafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, ndipo kapitawo sankapereka tchuthi. Kenako kunabwera kuwokera, kenako kupalira. Iye ndi mwamuna wake anasiya kutchula nkhaniyo, ndipo pang'ono ndi pang'ono anasiya kulankhulana zambiri kupatula za chakudya ndi nkhuni.

Mvula ili pakati, dalaivala wa thirakitala amene anatumidwa kutauni kukagula dizilo anabwera ndi nkhani. Anati Mai Gondo akwezedwa pantchito chifukwa ndondomeko ya ana ija inayamikiridwa kwambiri, ndipo asamukira ku Harare ndi banja lonse. M'nyumba yawo ija munalowa anthu ena. Woyandikana nawo anaona lole ikunyamula katundu, ndipo mtsikana wantchito anakwera kumbuyo, pamwamba pa matiresi, atagwirizira firiji kuti isagwe.

Laxon anafunsa ngati alipo amene akudziwa dera la ku Harare kumene anapita. Dalaivalayo anati sanafunse. Laxon anabwereka foni n'kuyesa nambala ija madzulo ake, ndipo mawu a m'foni anamuuza kuti nambalayo sikupezeka. Anabweza foniyo kwa mwini wake, n'kupita kukatema nkhuni, chifukwa fodya woyamba anali atayamba kupsa m'munda ndipo mabalani ankayenera kuyatsidwa sabata yomweyo.